Kachipewa ka Khanda la Idah

Felicia anali kuanula zovala pamene anakaona koyamba. Linali Lachiwiri madzulo, mwezi wa Juni, chifunga cha chiperoni chitakuta phiri la Soche kuyambira m'mawa, moti zimene anayanika asanapite kuntchito zinali zisanaume n'komwe. Ankangozisolola pachingwe n'kumaziponya m'beseni, akunjenjemera ndi chisanu. Atafika kumapeto kwa chingwe, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, dzanja lake linagwira kanthu kofewa. Kanali kachipewa ka khanda, koluka, kachikasu, kopanidwa bwinobwino ndi pegi.

Pakhomo limene ankachita lendi ku Chitawira panalibe khanda. A landilodi ndi akazi awo anali nkhalamba, ndipo mpanda wa njerwa unali ndi mabotolo osweka pamwamba. Komanso ndi mzimayi uti mu Blantyre muno angasiye chovala cha khanda panja dzuwa litapendeka? Ngakhale atsikana amasiku ano, a zikhadabo zomata aja, amene amaseka miyambo yonse, thewera lokha salilola kugona pachingwe. Amadziwa kuti pali ena amene amayenda kufunafuna zoterezi.

Felicia anakatembenuza kachipewako. Anakadziwa. Anakaluka ndi iye mwini zaka ziwiri zapitazo, kulukira Chisangalalo, mwana wa mkulu wake Jacqueline wa ku Naperi. Mwanayo anakhala ndi moyo masiku khumi ndi limodzi. Ndipo kachipewaka Felicia anakaona ndi maso ake kali pamutu pa mwanayo, m'kabokosi koyera, asanakhomere chivundikiro.

Anakanunkhiza asanaganize. Kankamveka paudala wa ana, ndi dothi lonyowa la pansi penipeni.

Kenako anayang'ana pansi. Pamatope a chiperoni panali tizizindikiro, kuchokera kumpanda kufika pansi pa chingwe: timanja tiwiri, timaondo tiwiri, timanja tiwiri, timaondo tiwiri. Beseni analisiya pomwepo, ndipo zovala zinagona panja.

Kuti mumvetse mantha a Felicia muyenera kudziwa zimene abale ake ankanena iye akatembenuka. Anali telala, wosokera pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo manja ake anali odziwika. Koma anakhala pabanja zaka zisanu ndi zinayi osamva kulira kwa mwana m'nyumba, mpaka mwamuna wake Bennet anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Mwana wa Jacqueline atamwalira, anthu anati ndi chibayo, mwezi wozizira. Chaka chotsatira mlongo wawo wamng'ono, Stewart, anakwatira Idah, mtsikana wa ku Nsanje, ndipo kunabadwa Trevor. Felicia analuka kachipewa kabuluu. Trevor anatha sabata ziwiri. Pamenepo anthu anasiya kutchula chibayo.

Palibe anamuloza chala poyera. A m'tauni satero ayi, amangosiya kukuuza zinthu. Pamaliro a Trevor amayi ankasuntha pang'onopang'ono pamphasa mpaka Felicia anapezeka ali yekha pakona. Ana a m'banjamo akamuthamangira, amayi awo ankawaitana kuti akasambe, ngakhale atasamba kale. Zinkamupweteka kwambiri, chifukwa ana aja ankawakonda, ndipo analibe wina womukonda kuposa iwo.

Tsopano Loweruka lapitali Idah anali atachira mwana wamwamuna. Felicia anaimva nkhaniyo pagulu la banja la pafoni, pomwe aliyense ankatumiza maluwa ndi mavesi. Iye atalemba kuti "Ambuye alemekezeke, alamu," gulu lonse linangoti zii mpaka mawa lake.

Ndiye apereke mphatso kapena asapereke? Akapanda kupereka, adzati onani, nsanje yamutsamwa, mwana wa mlongo wake weniweni osamupatsa ngakhale sopo. Akapereka, mwanayo n'kutsokomola kamodzi kokha, basi dzina lake latha. Koma zonsezi zinali zazing'ono. Chimene chinkamudya ndi funso limene sakanafunsa munthu aliyense: nanga ngati anthuwo akunena zoona? Iye anamvapo za anthu amene amagwiritsidwa ntchito osadziwa, amangodzuka atatopa. Nanga ngati imfa inalidi m'manja mwakemo?

Lachitatu masana, ali pamakina akupinda siketi ya sukulu, kunatulukira azakhali awo, a Daisy. Anali mlongo wa malemu bambo awo, mayi wojintcha, waukhondo, wa nyumba za lendi zisanu ku Naperi. Kutchalitchi ankakhala benchi yachiwiri. M'banjamo mwana akabadwa, ndiwo ankagona m'chikuta kuthandiza mayi mpaka mchombo utagwa, ndipo maliro akagwa ndiwo ankasambitsa. Ndiwonso okha amene sanasiye kumuyendera Felicia.

"Waluka chiyani, mwanawe?" anafunsa atakhala pampando wa makasitomala.

"Sindinaluke kanthu, azakhali."

"Iii! Kuzizira konseku? Mwana wa Stewart agone mutu uli pamtunda, azakhali ake ali ndi manja?"

"Mukudziwa zimene anthu akunena."

"Anthu! Anthuwo amakudyetsa? Luka kachipewa, undipatse ine. Kuchikuta sungalowe mchombo usanapole, ndiye ndikapereka ndekha ngati kale."

Felicia anangoyang'ana singano ya makina. Anafuna kuwauza za dzulo, koma analeka.

"Ndiganize kaye," anatero.

"Usachedwe," anatero a Daisy akudzuka, akukonza mpango ndi dzanja lamanzere. "Ana amakula msanga."

Madzulo amenewo sanafune kupita kuseri, koma zovala zake zonse zinali komweko. Anapita kukadali kowala, akuimba nyimbo ya kwaya mokweza kuti adzilimbitse mtima. Nyimboyo inathera pakati. Kumapeto kwa chingwe kunali kachipewa kabuluu, konyowa, kakudontha madzi ofiirira. Pambali pake panali pegi ina yopanidwa pachingwe, yopanda kanthu, ikungogwedezeka ngakhale kunalibe mphepo.

Pansi, tizizindikiro tija tinali mizere iwiri tsopano, yoyandikana, ngati ya ana awiri okwawa limodzi. Koma ana aja anamwalira asanadziwe ngakhale kudzutsa khosi.

"Amayi a kuseri, muli bwino?" anafuula akazi a landilodi ali pawindo.

"Ndili bwino, mayi."

"Pepani, kodi kwabwera alendo a mwana? Dzulo ndi lero tikumva ngati khanda likudandaula kuseriko."

"Ndi amphaka," anayankha Felicia, ndipo anamva yekha kuti mawu ake sakukhulupirika.

Anatenga kachipewako, nalowa m'nyumba, nakhoma chitseko, nagwada. Analira mpaka mutu kuwawa. Anauza Mulungu kuti ngati manja akewo ndi amene akupha ana, awaumitse. Ndipo anatsimikiza mtima: mwana wa Idah sadzavala kanthu kochokera kwa iye. Anene zimene anganene, amutche wansanje, amutche wouma mtima, bola mwanayo akule.

Lachinayi anapita kuntchito tizipewa tija tili m'jumbo pansi pa chikwama, chifukwa kutisiya m'nyumba ankaopa, kutitaya ankaopanso. Makasitomala anali ochepa. Cha m'ma thili koloko dzuwa linatuluka pang'ono, ndipo iye analimba mtima kuti akatitaye mumtsinje wa Mudi. Pofuna kutsanzikana nato kaye, anatitulutsa n'kutiyala pamwendo.

Telala ndi telala basi, ngakhale akulira. Mupatseni chovala, ayamba wachitembenuza kuti aone msoko. Felicia anatembenuza kachikasu kaja, ndipo misozi inaima.

Pamwamba penipeni, pamene pamakhudza liwombo la mwana, panali posakhala bwino. Munthu wamba sakanaona kanthu. Koma mizere isanu yomaliza inali itamasulidwa n'kulukidwanso, ndipo maso a ulusiwo anapendekera kwina, mosiyana ndi ena onse. Mkati munali kathumba kakang'ono ngati njere ya nyemba, kotsekedwa ndi mfundo yopinda kawiri chobwerera. Anatembenuza kabuluu. Chimodzimodzi.

Mfundo imeneyo anaidziwa kuyambira ali ndi zaka khumi. Iye ndi Jacqueline anaphunzira kuluka pakhonde la ku Naperi, ndipo zinkawavuta chifukwa mphunzitsi wawo anali wamanzere, zonse ankachita chobwerera. "Musatengere mfundo yangayi," ankatero akuseka, "iyi ndi yanga ndekha."

Ndipo anakumbukira kuti tizipewa tonse tiwiri sanapereke yekha. Kuchikuta salowa munthu wamba. Anapatsira azakhali, mphunzitsi wamanzere uja.

Asanapume n'komwe, foni inalira. Anali Jacqueline, amene anali asanamuimbire kwa chaka chathunthu.

"Felicia, sunakhutebe?"

"Achemwali, mukuti bwanji?"

"Awiri sanakukwane? Tinakulakwira chiyani ife?"

"Sindikumva, achemwali."

"Kachipewa kako kafika m'mawa. Ine ndafika masana ano ndapeza amuveka kale. Mwana wasiya kuyamwa, Felicia. Wasiya ngakhale kulira."

"Ine sindinaluke kanthu! Wabweretsa ndani?"

"Usandipusitse. Azakhali akuti unawapatsa dzulo kuntchito kwako."

"Muvuleni! Achemwali, muvuleni pompano!"

Koma foni inali itadulidwa.

Makina anawasiya osaphimba. Kudepoti minibasi ya ku Chigumula inali ndi anthu atatu okha, woitanira akulumbira kuti yatsala ndi munthu mmodzi, monga amachitira onse. Felicia anadumphira pa kabaza wa njinga yamoto. "Chigumula, achimwene, thamangani, kuli matenda!" Njinga inadutsa pakati pa malole, chiperoni chikubwereranso, madzi akumulasa kumaso. Njira yonse ankangonena mawu amodzi, kuti dikira mwanawe, dikira.

Nyumba ya Stewart inali kumapeto kwa kanjira, kuseri kwake kuli kamunda ka mapesi ouma. Pakhonde panali amayi atatu oyandikana nawo nyumba, atakhala chete mwa mtundu uja umene anthu amakhala akamadikira kuti wina ayambe kulira. Atamuona anayang'anizana. Stewart anatuluka, maso ali psuu.

"Achemwali, bwererani."

"Ndilowe, Stewart."

"Ndakulemekezani nthawi yaitali. Lero musandiyese."

Felicia sanakangane naye. Anawerama, nadutsa kunsi kwa mkono wake, nakankha chitseko cha kuchipinda chimene sankayenera kulowa.

Munali fungo la mbaula ndi mafuta a mwana, koma pansi pa zonsezo munali lina lija, la dothi lonyowa. Idah anali pabedi atafungata khanda, akuyesa kuliika bere m'kamwa, koma kakamwa kanali kongoti yasa. Jacqueline anaima pawindo. A Daisy anali pampando pafupi ndi bedi, Baibulo lili pamwendo. Pamutu pa mwanayo panali kachipewa koyera, kokongola kwabasi.

Felicia anakatsomphola.

Idah anakuwa. Stewart anagwira Felicia paphewa. Ndipo pamene Felicia anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa sizasi, amayi a pakhonde aja, amene anali atadzaza pakhomo, anayamba kufuula dzina la Yesu.

"Mfiti! Akufuna kumaliza mwana!"

"Mugwireni!" anatero a Daisy. "Mulandeni chipewacho, mwana azizidwa!"

Koma dzanja la telala ndi lachangu. Anatembenuza kachipewako, nadula pamwamba kamodzi kokha. Pa simenti panagwa kanthu kakuda, kouma, kopiringizika, kokulungidwa ndi titsitsi tofewa ndi ulusi wakuda.



Woyamba kuyankhula anali Idah, ndipo anayankhula motsitsa kwambiri. "Umenewo ndi mchombo wa mwana wanga."

Kenako anatembenukira kwa a Daisy.

"Unagwa dzulo m'mawa. Azakhali, munati mwakaukwirira kuseri. Munati malo ake ndisawadziwe, ndi mwambo wa kwanu kuno."

"Mwana iwe, wabereka kumene, mutu sukuyenda bwino," anatero a Daisy. "Chipewachi waluka ndi Felicia. Mufunseni iyeyo."

"Achemwali," anatero Felicia, akupereka kachipewako kwa Jacqueline, "inu ndi ine anatiphunzitsa ndi munthu mmodzi. Onani maso a ulusiwo. Onani mfundoyo. Ine ndimamanga choncho?"

Jacqueline anapita nako pawindo. Anakayang'ana nthawi yaitali. Sanayang'ane Felicia. Anayang'ana dzanja lamanzere la azakhali awo, limene linali litagwira Baibulo.

Apo Felicia anatulutsa jumbo ija, nayala tizipewa tiwiri pabedi, kachikasu ndi kabuluu, totembenuza, mfundo zili poyera. Jacqueline anatulutsa mawu amene sanali kulira, sanali kukuwa, n'kugwa chogwada. Idah anakumbatira khanda lake mwamphamvu, maso ali pa kabuluu kaja.

Koma amene anasintha kwambiri anali a Daisy. Nkhope yonse inagwa.  Ulemu wonse wa benchi yachiwiri unachoka, panatsala nkhalamba yamantha.

"Wazitenga kuti zimenezi?" ananong'ona. "Zimenezi zili pansi. Ndinaveka ndekha. Wakupatsa ndani?"

"Abweretsa eni ake," anatero Felicia. "Akukwawa tsopano, azakhali."

Sanadziwe chifukwa chake ananena choncho. Koma atangotero, onse anamva. Kunsi kwa bedi kunamveka kukhwekhwereza pa simenti, pang'onopang'ono: khwe, khwe, kenako kuima, kenako khwe, khwe. Kunali kulunjika kumpando.

A Daisy anakweza mapazi. Anayang'ana pansi, pamene ena onse sankaona kanthu, n'kuyamba kukankha m'malere ndi manja ngati munthu amene ana akumukwera pamiyendo.

"Chokani! Chokani, sindine mayi wanu! Ndinakusinthanitsani kale ndi nyumba, chokani!"

Baibulo linagwa. Mayi wojintcha uja anadumpha ngati mtsikana, nagunda amayi a pakhomo, natuluka opanda nsapato. Anthu anamuona akulowa m'mapesi, mpango utatsalira pa phesi limodzi. Anyamata ena a kabaza amene anamutsatira anabwerako msanga. Anati mapesi ankagwedezeka m'mizere itatu, umodzi waukulu patsogolo, iwiri yaing'ono pambuyo, ndipo iwo sanafune kudziwa zambiri.

M'chipinda muja khanda linayetsemula. Kenako linatsegula kukamwa n'kulira, kulira kwaukali kwa munthu wanjala, ndipo Idah ataliika kubere linagwira mwamphamvu mpaka iye anati "Mayo!" akuseka ndi misozi. Stewart anakhala pansi pa simenti, nagwira mwendo wa mlongo wake. Felicia anamusisita mutu ngati kale ali mwana. Mkwiyo anali nawo, wambiri ndithu, koma tsiku limenelo unalibe malo.

A Daisy sanaonekenso. Kunyumba kwawo ku Naperi anapeza chitseko chili chotsegula, wailesi ikuyankhula yokha. Alendi anayamba kusamuka mmodzimmodzi, akuti madzulo kudenga kumamveka ana. Ndipo abale aja, amene kale sankaona kanthu, tsopano aliyense anakumbukira kuti nyumba yachinayi inafoleredwa mwezi umene anamwalira Chisangalalo, yachisanu mwezi wa Trevor, ndipo maziko a yachisanu ndi chimodzi anakumbidwa sabata imene Idah anachira. Aliyense ankati iye ankakayikira kuyambira kale. Anthu ndi otero.

Mwanayo anamutcha Tamandani. Atakwanitsa mwezi, Idah anabwera yekha ku Limbe, mwana ali kumsana, naima patsogolo pa makina.

"Alamu, kukuzizirabe," anatero. "Mwanayu alibe chipewa."

Felicia anayang'ana manja ake. "Mukutsimikiza, alamu?"

"Ndikufuna choluka inu. Ndipo mudzamuveke nokha."

Analuka masiku atatu, chobiriwira, akuwerenga diso lililonse la ulusi. Loweruka anapita nacho ku Chigumula, nalowa pakhomo ngati munthu, namuveka Tamandani ndi manja ake. Mwanayo anamugwira chala osafuna kusiya. Felicia anabwerera ku Chitawira mtima uli mbee, akuimba nyimbo ija ya kwaya, ndipo ulendo uno anaimaliza.

Anafika dzuwa likulowa, natenga beseni, napita kuseri kukaanula. Pansi pa chingwe panalibenso tizizindikiro ta okwawa. Panali mapazi a munthu wamkulu, opanda nsapato, ochokera kumpanda, ndipo sanaoneke pamene anabwererera.

Pa pegi ija imene inali yopanda kanthu panali chipewa chatsopano, choyera, cholukidwa chobwerera. Sichinali cha khanda. Felicia anali atayeza mitu ya anthu zaka makumi awiri, ndipo sanafunikire tepi kuti adziwe mwini wake. Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira kumbuyo kwa mutu wake, pamene m'mawa uja, popesa, anapeza kuti tsitsi lachepa pang'ono.